Kumwetulira kolipidwa: kodi ndi unafiki?

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kuwerenga Qur'an ali ndi zaka 7, konkuno ku Nselema, anabwera kudzandiona mwezi wathawu. Tsopano akuchita maphunziro a zokopa alendo, ndipo anali atangomaliza miyezi itatu yophunzira ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ndinkayembekeza kuti andifunsa za mowa, pakuti ndilo funso limene makolo amandibweretsera kawirikawiri. Koma zimenezo anali atathana nazo kale: anapempha woyang'anira kuti asamuike ku bala, ndipo anamulola kugwira polandirira alendo. Chomusowetsa tulo chinali china.

"Mwalimu," anatero, "tsiku lonse ndimamwetulira anthu osawadziwa, ena akundikalipira chifukwa madzi osamba sanatenthe. Mumtima ndakwiya, pankhope ndikuseka. Kodi umenewu si unafiki umene munkatichenjeza nawo uja?"

Funsoli si lachibwana. Kwathu kuno mlendo akafika timamuyalira mphasa, timamupatsa madzi, nkhuku imafa, ndipo potsanzikana palibe amene amatulutsa risiti. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti kulemekeza mlendo ndi chizindikiro cha chikhulupiriro, ndipo anaika masiku atatu kukhala ufulu wa mlendoyo. Ku hotela zinthu zomwezo zili ndi mtengo wake. Ophunzira a ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre amayeserera pa Alendo Hotel kuyala bedi, kunyamula mbale ndi kulonjera mlendo, monga mmene ena amaphunzirira ukalipentala. Mwana woleredwa pa mphasa akaona ulemu ukuphunzitsidwa m'kalasi, n'kumalipiridwa kumapeto kwa mwezi, sizodabwitsa kuti mtima umamugunda.

Komabe ndinamuuza kuti umenewo si unafiki. Munafiki amabisa cholinga choipa kuseri kwa nkhope yokoma kuti anyenge mnzake. Wobisa mkwiyo kuti asapweteke munthu sakunyenga aliyense. Surat Al Imran imaika omeza mkwiyo wawo m'gulu la anthu oopa Allah. Kumwetulira kwa polandirira alendo sikunena kuti timakukondani. Kukunena kuti mwafika, muthandizidwa. Ngati madzi aja atenthadi pambuyo pake, nkhopeyo yanena zoona. Malipiro nawo sadetsa ntchito. Namwino amalipidwa, ndipo inenso, ngakhale n'zochepa zoti munthu sangazitchule mokweza, ndimalandira kanthu pophunzitsa ana.

Ndiye ndinamufunsa funso langa: "Mwanawe, kodi kumwetulirako umagawa mofanana?"

Anakhala chete, kenaka anafotokoza. Galimoto ya azungu ochokera koona nyama ku Liwonde ikafika, antchito amathamangira zikwama injini isanazime. Bambo ndi mayi ovala mwawamba akatsika pa kabaza, moni wake umakhala wakuti mukufuna ndani. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo, palibenso buku la maphunziro ake limene linalemba choncho. Anangozindikira m'sabata yachitatu kuti miyendo yake yayamba kudziwa yokha mlendo amene amasiya kangachepe pochoka.

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni, ndipo si yatsopano. Surat Abasa inatsika chifukwa cha nkhope. Mtumiki anali kulankhula ndi akuluakulu a Chikuraishi pamene Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wosaona, anabwera kudzafunsa za chipembedzo. Mtumiki anachita tsinya, natembenukira kumbali, ndipo Allah anamudzudzula. Taonani kuti wosaonayo sakanatha kuliona tsinyalo. Choncho cholakwacho sichinayezedwe ndi kupwetekedwa kwa wofikayo, koma ndi muyeso umene wolandira anagwiritsa ntchito mumtima mwake posankha woyenera nthawi yake. Ngati Mtumiki anakumbutsidwa pa chinthu chotere, nanga ife? Mneneri Ibrahim (mtendere ukhale pa iye) anawotchera mwana wa ng'ombe wonona alendo amene sanawadziwe n'komwe; zoti ndi angelo anazizindikira chakudya chili kale patsogolo pawo.

Wina adzati hotela ndi bizinesi, osati khonde la Ibrahim, ndipo akunena zoona. Kuchokera mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde, n'kubwezeretsamo mikango mu 2018, alendo akunja ali ndi chifukwa chokulirapo chobwerera m'boma lathu la Machinga, ndipo ndalama zawo zikudyetsa mabanja. Sindingadzudzulenso mopepuka woperekera zakudya amene kangachepe kaja ndiko kamagulira ana ake ndiwo. Koma bambo wa pa kabaza uja akaitanitsa chambo amalipira mtengo womwewo wolembedwa pa pepala. Kumupatsa theka la ulemu pa mtengo wathunthu ndi kuchepetsa muyeso, ngati wamalonda wa pamsika amene amakhomerera pansi pa chitini choyezera mpunga. Kusiyana kwake n'kwakuti kuba kumeneku wobedwayo sangakatengere kwa amfumu. Amangobwerera kwawo n'kukauza ana ake kuti malo aja si athu, chonsecho nyanjayo ndi yomwe agogo ake ankawedzamo.

Mtsikanayo akubwerera ku sukulu, ndipo chaka chamawa adzatumizidwanso ku hotela ina. Ndinamupempha chinthu chimodzi: sabata yoyamba aziwerenga mapazi amene akuyenda polandira mlendo aliyense, kuchokera pa tebulo lake kukafika pakhomo, ndipo madzulo azilemba m'kope. Anaseka, nati chiwerengerocho adzanditumizira pa WhatsApp, pokhapokha ngati sichikhala chochititsa manyazi. Ndinamuuza kuti chimenecho ndicho ndikufuna kwambiri kuchiona.