Ntchito Ikatha: Phunziro la Yosefe ndi Wopereka Chikho

Mawu otsogolera: Genesis 40:1-23, 41:1-14



Nkovuta masiku ano kupeza nthambi ya Mothers' Union imene ilibe banja limene ntchito idatha. Mu 2020 matenda a Covid-19 atavuta, sukulu zidatsekedwa m'mwezi wa Marichi, ndipo aphunzitsi ambiri a m'sukulu zomwe si zaboma adakhala miyezi osalandira kanthu. Mahotela a kunyanja adasowa alendo, antchito nkuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Ana athu ena amene ankatumiza ndalama kuchokera ku Joni adabwerera pa mabasi chimanjamanja. Mu 2022 boma lidatseka ADMARC kuti liyikonzenso, antchito masauzande nkuchotsedwa nthawi imodzi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu atakwera mtengo, mabwana ena adachepetsa antchito. Ambiri mwa anthu amenewa ndi amuna athu, ana athu, ndipo ena ndi ife eni ake amene timavala yunifomu yathu ya buluu ndi yoyera.

Tonse tikudziwa kuti ntchito zina zimalengezedwa mu The Nation ndi The Daily Times, koma za ulonda, za m'nyumba, za m'sitolo, zoyendetsa galimoto, zosoka kapena zophika pa sukulu, kawirikawiri zimamveka pakamwa. Wina amangofunsa kuti, "Kodi simukudziwako munthu wokhulupirika?" Ntchitoyo imapita kwa amene dzina lake latchulidwa. Nchifukwa chake tikufuna tilingalire za Yosefe, munthu amene adatuluka m'ndende chifukwa wina adatchula dzina lake, koma adachedwa zaka ziwiri chifukwa wotchulayo adaiwala.

Kutha kwa ntchito si tchimo

Yosefe adali kapitawo wa nyumba yonse ya Potifara, ndipo ntchito ankaigwira bwino. Tsiku limodzi lokha zonse zidatha, iye wosalakwa. Mulungu sadamuchokere, pakuti Malemba amabwereza kunena kuti adali naye m'nyumba ya Potifara, ndipo adali nayebe m'ndende. Tiyeni tsono tisiye kuyang'ana munthu amene ntchito yamuthera ngati wotembereredwa kapena wolodzedwa. Kampani ikasowa ndalama zakunja zogulira zipangizo, imachotsa wakhama ndi waulesi yemwe. Kuthamangira kwa sing'anga kukafunsa amene wachita zimenezi kumangomaliza tindalama totsala, ndipo kumadanitsa abale. Kupereka ndalama zomaliza kwa munthu wolonjeza kuti akatipempherera ntchito ipezeka sabata yomweyo nakonso nkutaya ufa wa ana. Mulungu sagulitsa chisomo chake.

Pa Mateyu 20 Ambuye Yesu adasimba za anthu amene adaima pa msika mpaka dzuwa litapendeka. Mwini munda atawafunsa, adayankha kuti padalibe amene adawalemba. Adali atadzuka m'mawa ngati anzawo onse, ndipo mwini munda sadawatonze, adangowatuma kumunda. Amayi, bambo akachotsedwa ntchito, mtima wawo umakhala utasweka kale asanalowe m'nyumba. Mawu onyoza a pakhomo amawathamangitsira kumowa, pomwe mawu olimbikitsa amawadzutsa m'mawa kukafunanso ntchito. Abambo nawonso akumbukire zomwezi ntchito ikathera amayi. Ana tiwauze zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti asadabwe nyama ikasiya kuoneka pa mbale.

Yosefe adatsegula pakamwa

M'ndende muja Yosefe sadakhale pakona nkumalira. Adapatsidwa ntchito yotumikira akaidi awiri ochokera kunyumba ya Farao, wopereka chikho ndi wophika mkate, ndipo m'mawa wina adaona kuti nkhope zawo zagwa, nawafunsa chimene chavuta. Munthu amene ali m'mavuto ake adaona mavuto a anzake. Atamasulira loto la wopereka chikho, Yosefe adapempha chinthu chimodzi chomveka bwino: kuti zinthu zikadzamuyendera, adzamutchule kwa Farao. Adafotokozanso mwachidule kumene adachokera, ndi kuti sadalakwe kanthu.

Apa pali phunziro kwa ife amene tikufuna ntchito. Manyazi amatipangitsa kubisa. Alipo amene amavala bwino m'mawa uliwonse nkutuluka ngati akupita ku ofesi, kuopa kuti oyandikana nawo angadziwe. Alipo amayi amene asiya kubwera ku misonkhano yathu chifukwa alibe ya chopereka. Koma akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu sangatitchule kwa bwana wake ngati sakudziwa kuti tikufuna ntchito. Tiuze ansembe athu, amayi a nthambi yathu, amene tinkagwira nawo ntchito, amene tidaphunzira nawo, ngakhale amene ankagula katundu kumene tinkagwira. Ndipo popempha tinene zomveka. Mawu akuti "mundithandize chilichonse" munthu amawaiwala asanafike kunyumba. Koma tikanena kuti, "Ndagwira ntchito yosunga katundu m'depoti zaka 8, ndimadziwa sikelo ndi kulemba mabuku, mukamva malo otero mundiuze," mawuwo amakhala m'mutu.

Podikira tisakhale manja lende. Ganyu, kabizinesi ka mandasi kapena tomato, kuthandiza kulemba mabuku a parishi, kuphunzitsa ana a Sande sukulu, zonsezi zimaonetsa anthu mmene timagwirira ntchito. Wopereka chikho adali ndi chonena kwa Farao chifukwa adaona ndi maso ake zimene Yosefe ankatha kuchita. Amene akufuna kuphunzira luso lina, monga kusoka, ukalipentala, zamagetsi kapena zomangamanga, akafunse za maphunziro a TEVETA. Ndipo pochoka pa ntchito, ngakhale mtima ukuwawa, tichoke mwaulemu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Bwana amene watichotsa lero ndi yemweyo amene ena adzamuimbire foni kufunsa za khalidwe lathu.

Wopereka chikho ndi ife

Tsiku lachitatu, pa phwando lokumbukira kubadwa kwa Farao, wopereka chikho adabwezeredwa pa ntchito yake. Tsiku ndi tsiku ankaima pafupi ndi mfumu, koma za Yosefe adaiwala. Sadamunamizire, sadamuchitire chipongwe, adangokhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kudasunga munthu wosalakwa m'ndende zaka ziwiri zathunthu.

Amayi, mawu amenewa akulunjika kwa ife amene ntchito ikadalipo, amene amuna athu akugwirabe, amene tili ndi sitolo, sukulu ya mkaka kapena munda wolemba aganyu. Tonse timaima pafupi ndi Farao wina wake. Namwino amamva msanga chipatala chikamafuna wochapa. Mphunzitsi amadziwa sukulu ikamafuna mlonda. Wogulitsa mumsika amadziwa mwini golosale amene wantchito wake wachoka. Mawu amenewa kwa ife ndi nkhani wamba, koma kwa banja lina ndi lendi, fizi ndi thumba la chimanga. Kunena kuti "tikupemphererani" nkwabwino, koma ngati tamva za malo nkukhala chete, pemphero lathu latsala theka.

Onaninso mmene wopereka chikho adayankhulira atakumbuka. Sadanene kuti Yosefe ndi mbale wake kapena wa kwawo, pakuti Yosefe adali Mhebri, mlendo ndiponso kapolo. Adangofotokoza zimene mnyamatayo adachita, ndi kuti zimene adanena zidachitikadi. Uku ndiko kusiyana kwa kuchitira umboni ndi kukondera. Kukondera kumalowetsa mwana wa achimwene amene ntchitoyo saidziwa, nkutsekereza woyenera. Kuchitira umboni kumanena zoona za munthu amene tamuona akugwira ntchito, kaya ndi wa mtundu wathu kaya ayi, kaya ndi wa mpingo wathu kaya ayi, nkusiya wolemba ntchito asankhe yekha. Tisaikire umboni munthu amene tikudziwa kuti ndi wa manja ataliatali, chifukwa tikatero mawu a amayi a mpingo adzasiya kukhulupirika, ndipo odzavutika ndi ana osalakwa amene akubwera m'mbuyo.

Mary Sumner adayambitsa bungwe lathu ku England mu 1876, ndipo chimodzi mwa zolinga zake zisanu ndi kuthandiza mabanja amene akumana ndi zovuta. Tikupempha tsono nthambi iliyonse kuti mlembi akhale ndi kope lolembamo maina a ofuna ntchito, luso lawo ndi nambala ya foni, koma okhawo amene avomera kulembedwa. Pa msonkhano uliwonse tipatule mphindi zochepa zofunsana amene wamva za malo a ntchito. Zimene zanenedwa pamenepo zisasanduke miseche ya pa mjigo. Thumba la nthambi lithandizeko ndalama ya minibasi kwa amene waitanidwa kukayesedwa, ndi ya fotokope ya masetifiketi. Amene amadziwa kulemba CV ndi kalata yofunsira ntchito athandize anzawo. Tikafuna tomato kapena wosoka yunifomu ya ana, tiyambe taganizira mnzathu amene wangoyamba kumene bizinesi. Ndipo ife amene tili ndi antchito a m'nyumba tiwalipire pa nthawi yake, pakuti kwa iwo Farao ndi ifeyo.

Khomo limene Yosefe adakana

Tisaiwale chimene chidamuchotsetsa ntchito Yosefe. Adakana kugona ndi mkazi wa bwana wake. Nthawi ya njala ya ntchito, anthu oipa amapezerapo mwayi. Alipo amene amauza atsikana athu kuti malo alipo, koma akumane kaye kumalo ogona alendo. Alipo amene amafuna ndalama kuti dzina lilowe pa mndandanda. Tiwauze ana athu momveka kuti zimenezi ndi tchimo pamaso pa Mulungu ndiponso mlandu pamaso pa boma. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pomufuna chiwerewere, ndipo za ziphuphu zimakanenedwa ku bungwe la ACB. Mwana akabwera kudzatiuza zotere, timukhulupirire ndi kumuperekeza.

Tichenjerenso ndi uthenga wa pa WhatsApp ndi Facebook wolonjeza ntchito zakunja. Mu 2024 wailesi ya BBC idaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma atafika adalandidwa mapasipoti nkumagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Munthu asananyamuke, akafunse kaye ku ofesi ya za ntchito ya pa boma, aone mgwirizano wolembedwa, ndipo abale adziwe kumene akupita. Wolemba ntchito weniweni safuna kuti timutumizire ndalama pa foni tisanaonane naye. Yosefe yemweyo adagulitsidwa kudziko lachilendo, ndipo sitikufuna mwana wathu wina agulitsidwe ife tikuona.

Kukonzekera tsiku loitanidwa

Uthenga wa Farao udafika mwadzidzidzi, ndipo Yosefe adameta, nasintha zovala, asanakaonekere. Nafenso masetifiketi, chiphaso cha unzika ndi CV zikhale pamalo amodzi, foni ikhale yoyaka, ndipo anthu amene tawalemba kuti adzatichitire umboni tiyambe tawapempha. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa wantchito ufulu wopempha kalata yosonyeza ntchito imene ankagwira ndi nthawi imene adagwira. Tisachoke osaipempha.

Lamulo lomwelo, monga lidakonzedwera mu 2010, limati munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ngati adakwanitsa chaka, alandire ndalama zija timazitcha severance: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Ngati bwana akuzemba, tikadandaule ku ofesi ya za ntchito, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti la Industrial Relations Court. Kufunsa zimene tidakhetsera thukuta sikusemphana ndi chikhristu.

Ndalamazo zikabwera, tikumbukire uphungu umene Yosefe adapatsa Farao, wosunga gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka za dzinthu kuti anthu adzadye pa zaka za njala. Bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, awerengere chimanga, lendi ndi fizi za miyezi ingapo, otsalawo ndiye aganizire za mpamba wa bizinesi. Katapila timuthawe. Ngongole ya banki mkhonde titenge yokhayo imene tikudziwa pobwezera pake, kuti tisadane ndi amayi anzathu.

Mulungu akadatha kutsegula ndende ija ndi chivomezi, monga adachitira kwa Paulo ndi Sila ku Filipi. Koma kwa Yosefe adagwiritsa ntchito pakamwa pa wantchito mnzake. Sabata ino aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene ntchito idamuthera, akamuchezere, amufunse zimene amadziwa kuchita, ndipo dzina lake akalitchule pamene lingamveke. Tisamudikiritse zaka ziwiri.

Tipemphere

Mulungu Atate, amene mudali ndi Yosefe m'nyumba ya Potifara ndi m'ndende momwe, yang'anani mabanja onse amene ntchito idawathera. Achotsereni manyazi, apatseni mphamvu zodzuka m'mawa, ndipo atetezeni kwa onse ofuna kuwadyera masuku pamutu. Ife amene tili ndi pogwira, tipatseni mtima wokumbukira ndi pakamwa ponena zoona za anzathu. Dalitsani olemba ntchito kuti achite chilungamo, ndi atsogoleri a dziko lathu kuti ayendetse chuma mwanzeru. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.