KODI DZIKO LIDZIWIKA NDI MAPAZI OKHA?

M'sukulu ina kuno ku Karonga munali mnyamata wopuwala mwendo, amene anaposa anzace onse pa jogalafe, ndiwo maphunziro a maiko, mapiri ndi nyanja. Iye ankalemba pa bolodi mitsinje yathu, Songwe, Lufilya ndi Rukuru, uli wonse m'malo mwace, wosayang'ana m'buku. Koma pamene ananena kuti afuna kupitirira nao maphunzirowo, akulu ena anamletsa, nati, Nchito iyi njoyenda m'thengo ndi kukwera mapiri. Iwe udzaitha bwanji? Mau awa andibvuta zaka zambiri, pakuti ndinali pomwepo, ndipo ndinakhala cete.

Tisawatsutse msanga akuluwo. Nzoona kuti dziko silidziwika ndi munthu wokhala pakhonde. Wofuna kuzindikira cifukwa cace Rukuru asefukira m'minda yathu ayenera kukaona kumene madziwo acokera, ku mapiri a Nyika. Ndipo masukulu akulu, a kuno ndi a ku Ulaya omwe, amayesa ophunzira ao ndi maulendo otere.

Koma kodi iwo amene anaika nyanja yathu pa mapu anali angwiro m'thupi? David Livingstone anafika ku nyanjayi m'caka ca 1859 ali ndi mkono wolemala, umene mkango unauphwanya ku Mabotsa m'caka ca 1844. Keith Johnston, katswiri wa mapu, anatumidwa ndi a Royal Geographical Society m'caka ca 1878 kudzaona kumpoto kwa nyanjayi ndi dziko lofikira ku Tanganyika. Kamwazi anamgwira panjira, anthu namnyamula kufikira anafera ku Behobeho, wosaiona nyanja konse. Ndipo Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21, anatsiriza ulendowo pamodzi ndi Chuma, kapitao wa amtengatenga. W. P. Johnson, amene anayendayenda kum'mawa kwa nyanja, anacita khungu m'caka ca 1884. Asing'anga anambwezera kuona pang'ono m'diso limodzi lokha, koma anabweranso, nakhala m'mbali mwa nyanjayi kufikira imfa yace ku Liuli m'caka ca 1928, atalemba buku la nyanjayo m'caka ca 1922.

Taonani tsono, owerenga, cimene cinacitika apa. Mzungu akadwala, anthu anambwereka miyendo yao; akacita khungu, anambwereka maso ao; ndipo panalibe wonena kuti nzeru zace zacepa cifukwa wafika pa macila. Dzina lace linalembedwa m'mabuku, koma a onyamulawo, kupatula owerengeka, anatayika. Imeneyo ndi mlandu wina, umene sindiuyamba lero. Cimene ndifuna kunena ndi ici, kuti kudziwa dziko sikunakhale nchito ya thupi limodzi ndi kale lonse. Nanga bwanji timfunsa mwana wathu yekha kuti akhale nazo ziwalo zonse?

Kuno komwe tinaona umboni. Pamene a LEPRA anayamba kufufuza za khate ku Chilumba m'caka ca 1979, anaika nyumba za m'boma lino pa zithunzi zojambulidwa m'ndege, kuti adziwe kumene nthendayo ikhala. Ena anayenda m'midzi, ena anakhala pa gome kulongosola zolembedwa, ndipo nchito inali imodzi. Odwala analowa m'mapu amenewo monga timadontho towerengedwa. Sindiona cifukwa cowaletsera kugwira okha colembera.

Palinso ena amene nthenda yao sioneka, ya shuga, ya khunyu, ya mphumu. Munthu wotere akakhala mphunzitsi amabisa, namadzikakamiza kuyenda ulendo womposa, poopa kuti adzamyesa waulesi. Ndipo ife timayamika cipiriro cace, osazindikira kuti ndife tamumanga pakamwa. Ndibvomera kuti kumthangata kumadya ndalama ndi nthawi ya anzace, ndi kuti sukulu yosauka imawerenga tambala iri yonse. Koma akulu aja sananene kuti, Tiribe ndalama. Anati, Iwe sungathe. Ndipo mau awiriwa sali amodzi.

Mnyamata uja anakhala telala pakhonde la sitolo. Pamene zibvomezi zinagwetsa nyumba kuno m'mwezi wa December 2009, ndinampeza alikulemba ndi cala pansi, kufotokozera anthu za cigwa cacikulu cong'ambika m'mene nyanja yathu igona. Ndipo pondiona anati, Aphunzitsi, ndikalakwa mundikonze.