Kodi lamulo la zaumoyo limamanga ndani?

Mliri ukagwa, malamulo amabwera msanga: musasonkhane, musamwe madzi a m'nyanja, musaphike pamaliro. Tiyeni tiganizire limodzi funso ili: kodi n'chilungamo kulamula munthu kuchita chinthu chimene alibe njira yochichitira?

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, anthu ankalimbikitsidwa kukayezetsa magazi, koma ambiri ankazemba. Kumva kuti uli ndi kachilombo pamene mankhwala kulibe kunkangobweretsa mantha ndi chitonzo. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu ochuluka anayamba kupita okha kukayezetsa, chifukwa tsopano kuchipatala kunali thandizo.

Mu April 2020 boma linalamula kuti anthu akhale panyumba masiku 21 chifukwa cha COVID-19. Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo anthu atadandaula kuti odalira ganyu ndi geni adzasowa chakudya.

Kolera amene anabuka ku Machinga mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Taganizirani msodzi wa ku Msaka kapena ku Makawa amene amachezera panyanja usiku wonse. Ludzu likamugwira, amatunga pomwepo. Ngati padoko palibe chimbudzi, nyanja yomweyo imalandira zonse. Kungomuuza kuti asamwe madziwo n'kumusenzetsa mlandu wa kusauka kwake. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo ankayenda ndi klorini wothira m'madzi, Thanzi ORS ndi katemera, kuti uthenga ufike pamodzi ndi njira youtsatira.

Komabe njira ikapezeka, udindo umafika kwa ife. Amene walandira klorini n'kumusiya pazenera chifukwa cha fungo, kapena wabisa wodwala m'nyumba poopa manyazi, waika pachiswe ana a mnzake omwe amatunga pachitsime chomwecho. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Choncho lamulo la zaumoyo limamanga mbali ziwiri. Wolamula ayenera kupereka njira, ndipo wolamulidwa ayenera kuigwiritsa ntchito moona mtima.

Pokambirana, tifunsane: m'mudzi mwathu muno, ndani amene timamudzudzula chifukwa chosatsatira malangizo, chikhalirecho alibe sopo, mjigo kapena chimbudzi? Nanga ife tili ndi chiyani m'manja chimene tingamugawire mvula isanagwe?