Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame

Mame amawadziwa ndi woyenda pansi. Munthu wolawirira m'bandakucha kudutsa m'minda ya tiyi ku Lujeri kapena ku Limbuli amakafika nsalu itanyowa mpaka m'mawondo, zala zakumapazi zitachita dzanzi. Wokwera njovu angadutse pa udzu womwewo osakhudzidwa ndi dontho ngakhale limodzi, ndipo akapanda kusamala amayamba kuuza anzake kuti lero kunja kwauma. Mwambiwu umamukumbutsa zinthu ziwiri: mapazi ake auma chifukwa cha njovu, ndipo tsiku lina adzatsika.

Akuluakulu amaponyera mawuwa mwana amene wapeza ntchito m'tauni n'kuyamba kunyoza kwawo, mfumu yongolongedwa kumene, kapena phungu amene wasowa chisankho chitangotha. Koma pali ntchito ina imene imamukweza munthu msanga kuposa zonsezi, ndiyo using'anga.

Njovu ya sing'anga ndi chikhulupiriro cha anthu. Wodwala amafika atathedwa nzeru, amavula nsapato pakhomo, n'kuulula zimene sadauzepo ngakhale mkazi wake. Sing'anga wa mizimu, amene nthawi zambiri amati ntchitoyi adailandira m'maloto kapena atadwala nthawi yaitali, akalankhula anthu amamva ngati alankhula ndi makolo. Ku Mulanje mawu otere amalemera kwambiri, pakuti phiri lenilenilo anthu amalitenga ngati mudzi wa mizimu. Nsonga yake yotalika mamita 3,002 dzina lake ndi Sapitwa, ndipo mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Alomwe ndi Ayao amalipatsa.

Mbiri ikuonetsa kutalika kwa ulendo umene dzina la Mulanje lingayende. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kudabuka mchape, mankhwala amene ankati atsuka ufiti m'midzi yonse. Ogulitsa ake ankanena kuti mwini mankhwalawo ndi Kamwende wa ku Mulanje, amene adamwalira n'kuukanso. Pofika 1934 anyamata a mchape adali atafika kwa Abemba kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, kumene katswiri wa chikhalidwe cha anthu Audrey Richards adawaona ndi maso. Ankandandalika mudzi wonse pamzere, n'kumayang'ana aliyense pagalasi, kulamula kuti nyanga ndi zithumwa ziunjikidwe poyera, kenako kumwetsa anthu mankhwala ofiira. Akatha apo ankagulitsanso timankhwala tina todzitetezera. Patangopita zaka zochepa mchape udazilala, mantha a ufiti adabwerera, koma amene adalozedwa pagalasi adatsala ndi dzina loipa pamaso pa abale awo. Anyamata aja adali atapita kale mudzi wina.

Dzina la mchape lidamvekanso mu 1995, pamene Billy Goodson Chisupe wa kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga adalengeza kuti walota mtengo wochiza Edzi. Anthu zikwizikwi adakhamukirako pa mabasi ndi pa malole kukamwa kapu imodzi ya mankhwalawo. Chisupe sankalipiritsa, ndipo apa ndi pamene nkhani yake imaphunzitsa zambiri. Munthu angathe kukhala wopanda dyera, n'kumakhulupirira loto lake ndi mtima wonse, komabe namtindi wa anthu pakhomo n'kumulepheretsa kufunsa ngati omwawo akuchiradi. Edzi idapitiriza kupha, mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004.

Nanga mame a sing'anga ndi ati? Oyamba ndi umphawi wa wodwala. Mwambo wakale udaika malire ake: munthu ankapereka chipondamthengo, kangachepe koti sing'anga akalowere kutchire kukakumba mitsitsi, ndipo nkhuku kapena mbuzi yothokozera inkabwera wodwala atadzuka. Dongosolo limeneli linkamangirira phindu la sing'anga ku kuchira kwa munthu. Amene lero amatchula mtengo wa njinga asadamve n'komwe pamene pakupweteka, kapena kuuza mayi kuti akagulitse chimanga chonse cha m'nkhokwe chifukwa mizimu yakwiya, waiwala kuti banjalo lidzafuna kudya mwezi wa Febuluwale.

Mame achiwiri ndi mantha a pamudzi. Funso limene ambiri amapita nalo kokaombeza ndi loti wachita zimenezi ndani, ndipo yankho lake likhoza kupha munthu. Mu Januwale 2016 ku Neno agogo anayi adaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu Sepitembala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pamalo pamene mantha amathamanga chotere, sing'anga wotchula dzina la azakhali kapena la mlamu amakhala ataweruza mlandu umene sadzakhalapo pokaupereka chilango. Lamulo la ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Sing'anga woyenda pansi amatsirika nyumba, amalimbitsa mtima wodwala, dzina la munthu osalitchula.

Zoipa za ochepa zimanyowetsa onse. Mu Juni 2016, kuphedwa kwa anthu achialubino kutafika poipa, woweruza Dingiswayo Madise wa bwalo lalikulu ku Mzuzu adalamula kuti asing'anga aleke kugwira ntchito ndiponso kuti manyuzipepala ndi wailesi zisiye kufalitsa malonda awo. Chiletsocho chidagwera ngakhale agogo amene amangodziwa mtengo wa m'mimba ndi wa chifuwa, chifukwa cha anzawo olonjeza chuma cha usiku umodzi.

Mame achitatu ali kutchire. Nkhalango ya phiri la Mulanje idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, koma macheka, makala ndi moto zaidya, ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lino, watsala pang'ono kutheratu. Asing'anga ambiri adaphunzitsidwa kusenda khungwa mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kokha. Kaya chifukwa chimene adauzidwa chidali chotani, zotsatira zake n'zoti mtengo sufa, popeza khungwa lotsalalo limapitiriza kuudyetsa. Wodzaza matumba okagulitsa ku Limbe amasenda kuzungulira thunthu lonse, ndipo chaka chamawa amayenda mtunda wautali kufuna mtengo womwewo.

Mame otsiriza ndi thupi la wodwala, limene silimva kutchuka kwa munthu. Mwana wotentha thupi ndi kukomoka akufunika kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chikufunika kupimidwa makhololo. Mayi woyembekezera amene wayamba kutaya magazi alibe nthawi yodikira ng'oma. Lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo lingasamutse kachilombo ka HIV. Bungwe la Malawi Traditional Healers Umbrella Organisation, limene limasonkhanitsa magulu a asing'anga m'dziko muno, lakhala likugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo pa nkhani yotumiza odwala kuchipatala. M'boma la Mulanje muli chipatala chachikulu cha boma pa Boma, cha mishoni ya CCAP, ndi zipatala zing'onozing'ono m'madera mpaka ku Muloza kumalire ndi Mozambique. Sing'anga amene amauza abale kuti, "Izi si zanga, thamangani naye kuchipatala, za mizimu tidzakambirana akatuluka," amataya malipiro a tsikulo, ndipo banjalo limakafika kwa adokotala mwana akadali ndi mphamvu yomeza mankhwala.