Zolowa mwa Mwana Mwakachetechete

M'nyumba zathu mwalowa alendo awiri amene makolo athu akale sadawadziwe. Woyamba amakhala kuseri kwa chitseko kapena pansi pa kama, pafupi ndi makasu: ndiye botolo la mankhwala ophera tizilombo. Wachiwiri amakhala m'thumba la malaya, ndipo usiku amagona kumutu kwa mphasa: ndiye foni ya m'manja, pamodzi ndi mkulu wake, wailesi ya kanema. Alendowa sadathyole chitseko ai. Tidawaitana tokha, tidawagula ndi ndalama za thukuta lathu, ndipo onse awiri atichitira zabwino zimene sitingazikane. Tsono funso limene tifuna kusinkhasinkha mwezi uno ndi ili: mwana akapwetekeka ndi chinthu chimene kholo lake lidabweretsa ndi mtima wabwino, popanda wina womfunira choipa, kodi alipo amene ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu?

Tiyambe ndi botolo. Munthu amene adaona minda ya chimanga m'chaka cha 2017, pamene mbozi zachilendo zochokera ku America zidafalikira m'dziko muno mpaka boma lidalengeza mu December kuti maboma 20 ali pa ngozi, sanganyoze mankhwala. Amene adamasulapo thumba la chimanga m'nthawi ya njala napeza fumbi lokhalokha la anankafumbwe, adziwa chifukwa chake mai wanzeru amathira Actellic. Nzeru zopangira mankhwalawa ndi mphatso ya Mulungu monga m'mene ulili moto. Koma moto wophikira nsima ndi womwewo umene umatentha nyumba. Sing'anga wina wa ku Switzerland, Paracelsus, adaphunzitsa zaka pafupifupi 500 zapitazo kuti chimene chimasandutsa chinthu kukhala chiphe ndi muyeso wake.

Mbiri ya mankhwala otchedwa DDT iyenera kutiphunzitsa kudzichepetsa. Paul Müller adatulukira mphamvu yake yophera tizilombo mu 1939, ndipo mu 1948 adalandira mphotho ya Nobel, pakuti DDT idapulumutsa anthu ochuluka ku malungo ndi ku matenda ofalitsidwa ndi nsabwe. Dziko lonse lidaomba m'manja. Padapita zaka anthu asanazindikire kuti mankhwalawa saola msanga: amakhalitsa m'nthaka, amalowa m'nsomba ndi m'mbalame, amaunjikana m'mafuta a thupi la munthu, mpaka amapezeka mu mkaka wa m'mawere. Mai wina wa sayansi, Rachel Carson, adachenjeza za zimenezi m'buku lake la mu 1962, ndipo ambiri adamnyoza. Dziko la United States lidaletsa DDT m'minda mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001 lidangosiya mpata woigwiritsa ntchito polimbana ndi udzudzu. Amene adapopera DDT m'zaka zimenezo sadali anthu oipa. Adangokhulupirira kuti chimene sichipweteka lero sichidzapweteka mawa.

Apa mpofunika tikumbukire kuti mwana sali ngati munthu wamkulu amene wangofupika msinkhu. Tikayerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, mwana amadya, amamwa ndi kupuma mpweya wochuluka kuposa bambo wake. Ziwalo zake zosefa zoipa m'magazi sizinakhwime, ndipo ubongo wake ukali kuumbidwa. Amakwawa pansi pamene padontha mankhwala, ndipo chilichonse chimene dzanja lagwira chimathera kukamwa. Muyeso umene bambo angaumve ngati kupweteka kwa mutu, kwa mwana ungakhale ulendo wa kumanda.

Nanga mankhwalawa amachita chiyani m'thupi? Mitsempha yathu imatumiza uthenga ku minofu, ndipo uthengawo ukafika, thupi lili ndi njira youzimitsira, monga woimba belu amaleka anthu akalowa m'tchalitchi. Mankhwala ambiri opopera mbewu, makamaka a gulu lotchedwa organophosphate, amaononga njira yozimitsirayo, kotero belu limangolira osaleka. Ndiye munthu amachucha malovu, thukuta ndi misozi, amasanza, kamwana ka diso kamachepa, chifuwa chimadzaza madzi, mapeto ake amalephera kupuma. Tameki, amene adapangidwa kuti azithiridwa m'nthaka ya m'munda koma watchuka m'misika yathu ngati mankhwala a makoswe, amagwira thupi mwa njira yomweyo, ndipo maliro amene wadzetsa m'midzi mwathu tonse tawalirako. Palinso kupweteka kwina kosaoneka ndi maso. Ofufuza adapeza kuti mankhwala otchedwa chlorpyrifos akalowa mwa mai woyembekezera angathe kusokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba, ndipo maiko a mu European Union adawaletsa mu 2020. Mwana wotere sakomoka, sathamangira naye ku chipatala; amangovutika ndi masamu ku sukulu, ife nkumati ndi ulesi.

Tsono tiyang'ane m'makomo mwathu mosabisa. Mankhwala otsala timawathira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi kuliimika pa windo. Chigubu cha mankhwala chikatha timachitsukuluza nkuyamba kutungira madzi kapena kusungira thobwa. Mnyamata wa zaka 12 timamsenzetsa pampu kumsana kuti akapopere thonje kapena matimati, wopanda nsapato, wopanda chotchinga pamphuno, mphepo ikumbwezera utsi kumaso. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira mbewu isanathyoledwe, koma ena amapopera madzulo, m'mawa matimati ali pa msika, kuti aoneke okongola. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo wodya nkhuyuyo ndi mwana wa mnzathu amene sitidzamuona nkhope.

Mlendo wachiwiri adafika mochedwerapo. Wailesi ya MBC idayamba mu 1964, koma kanema wa dziko lino adayamba kuulutsa mu 1999. Ambiri mwa makolo amene akuwerenga pano adakula madzulo ali nthawi ya nthano. Agogo ankati "Padangotero," ana nkuvomera "Tili tonse," ndipo m'kuvomera kumeneko mudali nzeru yaikulu: wokamba ankaona nkhope za omvera. Ankadziwa amene wachita mantha, amene wayamba kuodzera, amene nthano ya kalulu ikumukhudza chifukwa adanama masana. Ankayeza muyeso, ndipo nthano inkatha. Masana ana ankapita kumasanje, ankasewera phada ndi fulaye, ankaumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a waya. Sitinena kuti kale zonse zidali bwino. Mudalinso nkhanza ndi umbuli zimene sitifuna zibwerere. Komabe mwana ankapanga yekha zosewera zake, ndipo amene ankamfotokozera za dziko adali anthu omdziwa dzina.

Lero womfotokozera za dziko samdziwa dzina, koma mwa njira ina amamdziwa koposa agogo. Zinthu monga TikTok, YouTube ndi Facebook zidakonzedwa kuti ziziwerengera pamene maso a munthu achedwa, ndi kumbweretsera zina zofanana nazo, pakuti makampani ake amapeza ndalama kwa otsatsa malonda malinga ndi nthawi imene anthu akhala akuyang'ana. Nchifukwa chake nthano ya pa foni ilibe pothera: kanema mmodzi akatha wina wayamba kale. Ili ndi belu lija losaleka kulira. Mwana amene amayenera kugona maola 9 kapena kuposerapo amafunda bulangete kumutu, kuwala kuli pankhope, mpaka tambala woyamba. Amaona matupi, chuma ndi ndeu zimene mtima wake sunakhwime kuzisefa, ndipo amayamba kuyeza nyumba ya makolo ake ndi muyeso wa anthu a kutali amene akuonetsa mbali yowala yokha ya moyo wao.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema kapena pa foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chifukwa chake nchosavuta kumva: khanda limaphunzira kulankhula poyang'ana nkhope imene ikuliyankha, ndipo galasi siliyankha. Dziko la Australia lidapanga lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kulembetsa pa masamba a mchezo a pa intaneti. Eni masambawo nawonso amalemba kuti wosakwana zaka 13 asalowe, koma ndi angati mwa ife amene tidawerengapo mawu amenewo?

Tisapitirize fanizo lathu mopyola muyeso. Foni si tameki. Pa foni pomwepo mwana amaphunzira masamu, amalankhula ndi bambo wake amene ali pa ntchito ku Johannesburg, amamvera Misa agogo akadwala. Botolo tingalitsekere ndi loko mpaka kalekale, mwana osataya kanthu. Koma foni tikangoitsekera osamphunzitsa mwana kagwiritsidwe kake, adzakaiphunzira kwa anzake kuseri kwa sukulu kapena m'kanyumba koonetsera mavidiyo pa msika. Botolo lifuna loko, foni ifuna kholo lokhala pambali. Ndipo pa mbali imodzi botolo ndi loona mtima kuposa foni: lili ndi mzere wofiira ndi chithunzi cha chigaza, pamene foni imabwera m'kabokosi kokongola kopanda chenjezo.

Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, adatchula zinthu ziwirizi m'mutu umodzi womwewo. Adadandaula za mankhwala a m'minda amene akuipitsa nthaka ndi madzi, ndipo patsogolo pang'ono adachenjeza kuti phokoso la nkhani zosatha lingathe kuipitsanso maganizo a munthu. Zaka zambiri izi zisanachitike, pa 4 December 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica. Chikalatacho chidayamikira wailesi, kanema ndi nyuzipepala ngati zodabwitsa za nzeru za munthu, koma chidakumbutsa makolo kuti ali ndi udindo waukulu woyang'anira zolowa m'nyumba zao. Nthawi imeneyo chipata chidali chimodzi, ndipo bambo ankatha kuzimitsa wailesi. Lero chipata chili m'manja mwa mwana aliyense.

Tibwerere tsono ku funso lathu. Kholo lingayankhe kuti, "Sindinkadziwa." Eklezia salinyoza yankho limeneli. Aphunzitsi a chikhalidwe cha chikhristu, motsata Thomas Aquinas Woyera, amasiyanitsa mitundu iwiri ya kusadziwa. Pali kusadziwa kumene munthu sakadatha kukuchotsa ngakhale atayesetsa. Kumeneko kumachotsa mlandu. Mlimi amene adapopera DDT mu 1950 adali wotero. Koma pali kusadziwa kwina kumene munthu akadatha kukuchotsa, pa nkhani imene udindo wake umamkakamiza kuidziwa, iye nkusankha kusafunsa chifukwa yankho lingamvutitse. Kusadziwa kotereku ndi kunyalanyaza, ndipo sikutsuka munthu. Safunsa adadya phula. Chomvetsa chisoni nchakuti pa nkhani yathuyi wosafunsa ndi kholo, koma wodya phula ndi mwana.

Poyesa mtima tisanapite kukalapa, tikafika pa lamulo lachisanu la Mulungu ambiri timadumpha msanga, poti sitidaphe munthu. Koma lamulo limeneli limatilamulanso kusamala moyo umene waikidwa m'manja mwathu, ndipo katekisimu amaika pansi pa lamulo lomwelo tchimo lokhumudwitsa ena, ndiye kuti kuchititsa mnzathu kugwa m'zoipa. Botolo losiyidwa pa windo ndi foni yosiyidwa kuchipinda cha mwana usiku wonse, zonsezi ndi za lamulo lachisanu.

Komabe tingalakwe kwambiri titasenzetsa katundu yense kholo losauka. Malangizo a pa mabotolo ambiri ali m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono, ndipo wogulitsa wa pa msika amene amapungulira mankhwala m'timapepala satchula ngakhale dzina lake. Magolovesi ndi majombo ndi ndalama, ndipo banja limene likusowa ya mchere silingaziganize. Mai amene wapatsa khanda foni kuti litonthole ali ndi mphika pamoto, zovala m'beseni, ndi wina wodwala m'nyumba. Agogo amene akadanyamula mwanayo adatsala kumudzi. Mlandu umakula malinga ndi zimene munthu adziwa ndi mphamvu zimene ali nazo. Motero wopanga mankhwala amene amagulitsa kwa osauka zimene kwao zidaletsedwa, ndi katswiri amene amakonza foni kuti igwire maso a mwana ngati ulimbo, ali ndi zambiri zoti adzayankhe kuposa mai uja. Dziko lathu lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000, ndi bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira zimenezi. Akhristu ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa kuti lamulolo lifike mpaka pa msika wa kumudzi.

Zimene kholo limodzi silingathe, mphakati ungathe. M'mphakati uliwonse simulephera mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene angawerengere anzake zolembedwa pa botolo. Angawauze kuti mwana akamwa kapena kuthiridwa mankhwala, timvule zovala, timsambitse ndi sopo ndi madzi ambiri, tisamsanzitse kapena kummwetsa mkaka ndi mafuta monga ambiri amachitira, koma tithamange naye ku chipatala titatenga botololo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Mabanja oyandikana angagwirizane ola limene mafoni a ana onse amasonkhanitsidwa madzulo, kuti pasakhale mwana wodandaula kuti kwao kokha ndiko kuli nkhanza. Ndipo amene adaimirira mwana pa ubatizo ali ndi malo pa nkhani imeneyi, pakuti nthawi zina mtsikana wa zaka 14 amene waona zoopsa pa foni sangauze mai wake, koma angauze mai wake wa ubatizo.

Pangano lotere lili ndi povuta pake, ndipo ife ansembe tili m'gulu lomwelo. Ana adzafunsa ngati foni ya bambo nayonso ilowe m'dengu nthawi ya chakudya ndi ya mapemphero a madzulo, ndipo adzayang'anitsitsa kuti aone ngati yalowadi.