Moto wa ku Kaphirintiwa Sunazime

M'mawa uliwonse, kusanache bwino, pa misewu yolowa mumzinda wa Lilongwe pamakhala mndandanda wa njinga zakapalasa zosenza matumba a makala. Eni njingazo amakhala atakankha usiku wonse, ndipo dzuwa likamatuluka amafika ku Chinsapo, ku Biwi, ku Kawale kapena ku Area 23, kumene ife timawadikira ndi ndalama m'manja. Tinenerera mtengo, tilipira, tikoleza mbaula, ana amwa phala napita ku sukulu. Pamenepa palibe amene waba kapena kunama. Komabe pali funso lotisowetsa mtendere: ngati nkhalango ikutha chifukwa cha thumba limeneli, kodi mlandu uli pa yani?

Ambiri mwa makalawa amachokera ku Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene ili m'malire a dziko lathu ndi Mozambique, ndipo boma linaipatula kuti ikhale yotetezedwa m'chaka cha 1922. Dzina lokhalo likutiuza kuti kale kunali kodzaza ndi nyama. Kumeneko ndiye kuli Kaphirintiwa, thanthwe limene makolo athu Achewa ankati anthu oyamba ndi nyama zonse anatsikirapo, nasiya zidindo za mapazi awo. Ankasimba kuti munthu ndi nyama ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba. Nthano imeneyi ndi yakalekale, koma aliyense amene waona utsi wa mauvuni a makala m'mapiri amenewa angavomereze kuti moto uja sunazime.

Zochitika ku Dzalanyama sizithera komweko. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri omwewo, udzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu, kenaka udutsa pakati pa mzinda nukathira mu Linthipe, amene amakalowa m'nyanja ya Malawi ku Salima. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka. Matope amakwirira madamu, ndipo otsala amakafika kunyanja, kumene amadetsa madzi ndi kuwononga malo oswerana nsomba. Choncho thumba la makala, ndowa ya madzi ndi mulu wa usipa wa pamsika ndi nkhani imodzi.

Boma silinakhale chete. M'chaka cha 2015 asilikali a nkhondo anatumizidwa kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa. Koma njinga zija sizinasiye kubwera. Chifukwa chake nchosabisika: msilikali angathe kulondera mtengo, koma sangathe kulondera mbaula za mzinda wonse. Malinga wogula alipo, wodula adzapezeka.

Tsono tisafulumire kuloza chala. Wowotcha makala naye ali ndi ana ofuna chakudya ndi fizi, ndipo pa ntchito yowawa chotere iye amapatapo zochepa. Mayi wa ku Mgona, wokhala m'nyumba ya lendi yopanda magetsi, sangadyetse ana ufa wauwisi. Munthu amene alibe njira ina mlandu wake ndi wochepa, ndipo kumuweruza mwaukali nkulakwira chilungamo. Koma umphawi, ngakhale umachepetsa mlandu, subwezera mtengo umene wagwa. Ndiponso tisanamizane: pakati pathu alipo ambiri amene magetsi ali nawo, ndalama ya gasi angaipeze, koma amagula makala pongoti ndi otsika mtengo. Kutsika mtengoko kukutanthauza kuti gawo lina la ngongole lasiyidwira ana amene sanabadwe. Mlandu wa munthu umakula molingana ndi ufulu umene ali nawo wosankha.

Nanga pali anthu amene anakwanitsa kudziletsa popanda mfuti? Alipo, ndipo ali kumathero a ulendo wa madzi athu omwe aja, m'boma la Salima. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi akhala akusunga mwambo wotseka usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chaka chilichonse, mu Disembala, onse amachoka pachilumbapo, ndipo sabwererapo mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane mwamtendere. Mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa pamenepo, pamodzi ndi maukonde a maso aang'ono. Mbenje yatchuka ndi utaka wonona, pamene m'madooko ena ambiri asodzi akudandaula kuti nsomba zachepa.

Mphamvu ya Mbenje yagona pa zinthu zitatu. Lamulo linabadwira pakati pa eni ake. Limamanga aliyense mofanana, wa boti la injini ndi wa bwato lopalasa. Ndipo amene amadzimana mu Disembala ndi omwewo amene amakolola mu Epulo. Munthu amapirira njala ya lero akadziwa kuti mnzake nayenso akupirira, ndi kuti phindu lake adzaliona ndi maso.

Vuto lathu ife a m'tauni ndi lakuti timadya za kunkhalango ndi za kunyanja osaona bala limene tasiya. Tikamva kuti anthu a m'madera ndiwo ayenera kuteteza chilengedwe, timaganiza za a kumudzi okha. Koma mudzi wa nkhalango ndi onse amene amaotha moto wake, ndipo mudzi wa nyanja ndi onse amene amadya nsomba zake. Kawale ndi Area 25 ali m'mudzi umenewu. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kusamala chilengedwe ndi kusamala osauka sizilekanitsidwa.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife mitu tili nayo: miphakati, mabanki a m'khonde, makomiti a m'misika. Gulu limene limatha kusonkherana pa maliro lingathenso kusonkherana kuti banja lililonse lipeze mbaula yosamwaza moto kapena ya gasi. Tingathe kuviika nyemba usiku, kuvundikira mphika, ndi kuzimitsa makala otsala tikatha kuphika. Tingathe kugwirizana kuti kasawala, amene ndi chambo chosakhwima, tisamagule. Pusi kapena mbalame zogulitsidwa m'mbali mwa msewu tizizikana, pokumbukira kuti nyama zambiri zosungidwa ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi, zinachita kulanditsidwa m'manja mwa anthu. Nazo ndalama zimene tapulumutsa pa makala zingagule tomato, mbatata kapena uchi kwa anthu a m'midzi yozungulira nkhalango, kuti wa njinga uja apeze katundu wina wobwera naye.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ife tautembenuza mwambiwu: nkhuyu tikudya ndife akuluakulu, koma odzapotedwa ndi ana. Mawa m'mawa njinga idzaimanso pakhomo pathu, ndipo ambiri a ife tidzagula, pakuti ana ayenera kudya. Koma polandira thumbalo tidzifunse moona mtima ngati tagula chifukwa chosowa njira ina, kapena chifukwa sitinafune kuifunafuna.