Kugonjetsa M'bale Kudziko la Eni

Munthu akakhala kutali ndi kwawo amalakalaka kumva chilankhulo cha amayi ake ndi fungo la ndiwo za kumudzi. Tsono tikadayembekezera kuti anthu otere akapeza tsiku lokumana, angokhala pansi n'kumafunsana za kwawo mpaka dzuwa kulowa. Koma ophunzira a ku Malaysia amene ali m'mayunivesite a ku Britain satero. Amakwera mabasi usiku, ena kuchokera ku Edinburgh, ena ku London, Cardiff ndi Manchester, n'kukafika ku Nottingham mbandakucha kukuzizira. Ndipo akangotsika amavala mayunifolomu osiyana n'kuyamba kulimbana. Kodi n'chibale chanji chimene chimasonkhana kuti chigonjetsane?

Mpikisanowu umatchedwa Nottingham Malaysian Games, ndipo udayamba m'chaka cha 1985. Amaukonza ndi ophunzira eni ake. Pamakhala mpira wamiyendo, wa ntchemberembaye, badminton, komanso masewero akwawo monga sepak takraw, m'mene anthu atatu mbali iliyonse amaponyerana kampira kolukidwa pamwamba pa ukonde ndi mapazi, mawondo, chifuwa ndi mutu, osakhudza ndi manja. Pamakhalanso congkak, amene Mmalawi akangomuona angati ndi msuweni wake wa bawo, kungoti thabwa lake lili ndi mizere iwiri ya maenje pamene lathu lili ndi inayi.

Pali anthu amtima wabwino amene anganene kuti pamsonkhano wotere kupambana kulibe ntchito. Amati wakwanu ukakumana naye kudziko la eni umamugwira ngati dzira, ndipo ukaona kuti ukumuposa, umafewetsako dzanja kuti asabwerere ndi manyazi. Maganizowa ndi okoma kuwamva, koma ine sindigwirizana nawo. Taganizani: ndani amene timamulola dala kuti atidye pa bawo? Ndi mwana, kapena bwana amene tikumuopa. Woyambayo timamuchepetsa, wachiwiriyo timamunyenga. Mnzako weniweni sumuchita zimenezi. Mtsikana amene wakhala miyezi iwiri akuthamanga m'bwalo madzulo akaweruka m'kalasi, n'kugona chokhala m'basi usiku wonse, sadadzere chifundo. Wadzera kuti adziyese, ndipo sangadziyese pa munthu amene akubisa mphamvu zake. Kumumenyera kampira kofooka n'kumuuza mwakachetechete kuti si saizi yako. Akagonja 21 kwa 9 pamasewero oona amapita ndi kanthu, chifukwa wadziwa pamene ali. Akapambana mopatsidwa wanyamula chikho chobooka.

Komatu apa ndi pamene pamayambira vuto lenileni. Tikalola kuti munthu afune kupambana ndi mtima wonse, kodi mtimawo tiuimitsira pati? M'mipikisano ya ana asukulu oyimbira sakwanira bwalo lililonse, choncho kawirikawiri osewera amaweruza okha ngati kampira kagwera mkati kapena kunja kwa mzere. Mapointi ali 20 kwa 19, kampira kagwa mbali yako, kakhudza mzere pang'ono chabe, ndipo waona ndiwe wekha. Anzako amene adasonkha ndalama ya basi akukuwa kumbuyo kwako. Kapena ndiwe mtsogoleri wa timu, ndipo pali katswiri wina amene malamulo a mpikisano samulola, koma dzina lake lingathe kulembedwa popanda wofunsa. Palibe apolisi, palibe khoti, ndipo mawa lake aliyense akhala atabwerera ku mabuku ake.

Wina angati usabere chifukwa ophunzirawa ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero amene wamubera lero udzamupeza ali kuseri kwa tebulo mu ofesi ku Putrajaya iwe ukufuna siginecha yake. Zoona, mawa n'kutali. Koma chimenechi n'chenjezo la munthu wamalonda, ndipo chimatha mphamvu pamene watsimikiza kuti sudzagwidwa. Chifukwa chozama n'chakuti mdani wa pabwalo ndiye amene wakupatsa masewerowo. Popanda iye ukadangomenya kampira kukhoma. Awirinu mwagwirizana chinthu chimodzi, kuti mzere ndiwo uweruze. Ukanama, mnzakoyo akupitiriza kusewera badminton pamene iwe wayamba zina. Ndipo mendulo imene upachike m'khosi ikuchitira umboni chinthu chimene sichidachitike. Kugonjetsa m'bale ndi kumubera n'zinthu zosiyana, ngakhale pa bolodi la zigoli zimaoneka chimodzimodzi.

Koma chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa mpikisanowu ndi m'mene umagawira anthu. Malaysia ndi dziko la mitundu yambiri: Amalay, Matchaina, Amwenye, ndiponso anthu a ku Sabah ndi Sarawak monga Akadazan ndi Aiban. Pa 13 May 1969 mu Kuala Lumpur mudabuka zipolowe za pakati pa mitundu zimene zidaphetsa anthu ambiri. M'chaka cha 1971 boma lidayambitsa ndondomeko yatsopano ya zachuma yofuna kutukula Amalay ndi mitundu ina ya eni nthaka, amene onse pamodzi amatchedwa Bumiputera, ndipo idakhudza ntchito, malonda ndi malo m'mayunivesite. Ngakhale lero ana ambiri amayamba sukulu mosiyana, ena m'Chimalay, ena m'Chitchaina, ena m'Chitamil. Ndiye mu timu imodzi ya ku Sheffield mungapezeke mnyamata amene boma likumulipirira zonse, ndi wina amene makolo ake adasunga ndalama zaka zambiri chifukwa adaona kuti khomo la kwawo lamuchepera. Awiriwa ali ndi zifukwa zokwanira zoyang'anizirana m'mbali.

Mpikisanowu sufufuta malire, chifukwa munthu sakhala wopanda mbali. Umangojambula malire ena opingasa akalewo. Tsiku limenelo "ife" ndi Sheffield, "iwo" ndi Leeds. Mmalay akukuwira Mtchaina wa timu yake kuti agonjetse Mmalay mnzake. Ndipo malire atsopanowa ndi abwino pa chifukwa chimodzi: aliyense akudziwa kuti ngongopanga, adabwera ndi kalata ya malo asukulu, ndipo madzulo amatha anthu akamadyera limodzi nasi lemak. Mwina munthu amene waona malire akujambulidwa m'mawa n'kufufutika madzulo angayambe kukayikira ngati enawo adagwa kumwamba.

Anthu a ku Malaysia amadziwa kukoma kwa zimenezi. Amakumbukirabe timu yawo ya mpira ya 1980, ya Soh Chin Aun, Santokh Singh, Hassan Sani ndi James Wong, imene idagonjetsa South Korea 2 kwa 1 n'kupeza malo ku Olimpiki ya ku Moscow, ngakhale sidapiteko popeza dziko lawo lidanyanyala nawo masewerowo. Lee Chong Wei atafika mu ndime yomaliza ya Olimpiki mu 2008, 2012 ndi 2016, n'kutenga siliva katatu konseko, amene adakhumudwa sadali Matchaina okha.

Komabe tisanamizane. Ngakhale pabwalo mitundu imadzisankhabe: sepak takraw amakonda kudzaza Amalay, basketball Matchaina. Ndipo umodzi wa tsiku limodzi, m'dziko lozizira m'mene mzungu sasiyanitsa wa ku Penang ndi wa ku Kelantan, ngwotchipa. Kunja aliyense ndi m'bale chifukwa palibe malo a ntchito kapena a sukulu amene mukulimbirana, kupatula kachikho. Maphunziro akatha, yunifolomu ija imapindidwa m'sutikesi, ndipo mafomu ambiri a kwawo amafunsabe mtundu wa munthu. Pamenepo mpikisano umakhala wa zinthu zodya, oyimbira amakhala ochepa kuposa a ku Nottingham, ndipo kampira kamagwabe pa mzere pamene waona ndiwe wekha.